Madontho Obiriwira a Bambo

Lachiwiri, 22 Julayi

Okondedwa Achemwali,

Dzulo bambo anabweza kiyi wa kanyumba kosungiramo penti kuphiri kuja. Anakasiya okha kwa mlonda wa pageti la nkhalango yotetezedwa, ndipo pobwera anakwera basi m'malo moyenda pansi monga amachitira. Komiti ya anthu odzipereka amene amasamala njira za m'phirimo yawapumitsa. Mawu amene anagwiritsa ntchito ndi omwewo, kupumitsa, ndipo anawalengeza ndi tcheyamani wa komitiyo, amene ndi achimwene athu.

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndayamba ndi nkhani m'malo mwa moni chifukwa pafoni paja Lamlungu simunandipatse mpata. Munangoti bambo akula, tiwasiye apume, ndipo ndinadziwa kuti achimwene anali atakuimbirani kale. Ndiye ndasankha kulemba, popeza kalata simungaidule pakamwa. Sindikupemphani kuti mundimvere chisoni. Ndikupemphani kuti muwerenge zimene ndinaona ndi maso anga, kenako muweruze nokha.

Papita nthawi chichokereni kuno, ndiye ndikukumbutseni mmene phirilo lilili. Muli njira zitatu. Yofiira ndi ya anthu olimba mawondo, imakwera mpaka kuphompho. Yachikasu imazungulira m'nkhalango. Yobiriwira ndi ya mabanja: yosalala, yamthunzi, yokhala ndi mabenchi, ndipo imakathera kumathithi aang'ono kuja tinkadyera malalanje ndi amayi. Njira yobiriwirayi ndi imene bambo akhala akuisamala chipumireni ntchito yophunzitsa. Loweruka lililonse ankanyamula chitini cha penti ndi kaburashi, n'kumapaka madontho obiriwira pamiyala ndi pamitengo kuti anthu asasochere.

Chimene mwina simunachione n'chakuti madonthowo ankawapaka atagwada. Onse anali m'munsi, pamsinkhu wa maso a mwana wa zaka zisanu. Ankati panjira ya mabanja wotsogola si bambo kapena mayi. Akuluakulu amatsalira m'mbuyo ndi zikwama ndi macheza, mwana ndiye amathamangira patsogolo, ndipo mwana sayang'ana m'mwamba. Munthu amene anaphunzitsa kalasi yoyamba moyo wake wonse amadziwa pamene maso a mwana amafika. Ana ankachita kupikisana kuti aone dontho lotsatira ndi ndani, ndipo makolo ankangolondola phokoso.

Masabata awiri apitawo kamtsikana kena kanasochera. Kanabwera ndi mayi ake, namwino wa kuchipatala chathu, ndipo kanathamangira patsogolo monga ana onse. Pali mphambano ina pamene njira yobiriwira imakhotera kumanzere kuseri kwa chimwala chachikulu, pomwe njira yooneka yotakata imapitirira molunjika n'kukalumikizana ndi yofiira. Mwanayo anapitirira molunjika. Mlonda wina wamkazi anamupeza atakhala pamuzu wa mtengo, nsapato imodzi ili m'manja, pafupi kwambiri ndi phompho. Sanavulale.

Mkulu woyang'anira nkhalangoyo anafuna kudziwa chimene chinalakwika. Achimwene anayankha pamaso pa komiti yonse kuti madontho akale anali atafufutika, kuti maso a bambo ayamba kufooka, ndipo kuti banja lathu linali litaona kale vutoli koma linkachita ulemu. Banja lake liti? Ine palibe anandifunsa. Komabe sindibisa, tsiku loyamba ndinakhulupirira. Bambo ali ndi zaka zawo, ndipo penti imasuluka.

Koma mukundidziwa. Kuntchito kwanga kulabu ya kuchipatala kuja sindilemba zotsatira za magazi amene sindinawayeze, ndiye Loweruka lapitali ndinapita kukayenda njirayo ndekha. Ndinapeza timalata tobiriwira tokongola, tokhala ndi mivi, tokhomedwa pamitengo pamwamba pa mutu wanga. Ndikaimirira ndinkationa bwinobwino. Kenako ndinanjuta n'kuyamba kuyenda chonjutanjuta kuti maso anga akhale pamsinkhu wa mwana. Amayi ena amene ankatsika ndi ana awo anandifunsa ngati m'mimba mwandivuta, ndipo anafuna kundipatsa mankhwala. Ndinawathokoza n'kupitiriza. Achemwali, kuchokera pansi pamenepo sikaoneka kalata ngakhale kamodzi. Umangoona makungwa, masamba ndi njira yotakata ikukuitana.

Pachimwala cha pamphambano paja ndinapeza chigamba cha penti yotuwa, yatsopano, yofanana ndi mtundu wa mwalawo. Ndinakanda ndi kiyi wa galimoto. Pansi pake panatuluka dontho lobiriwira, lowala, lokhala ndi kamuvi koloza kumanzere. Ndinabwerera m'mbuyo ndikukanda mwala ndi mwala, ndipo paliponse zinali chimodzimodzi. Madontho a bambo sanafufutike. Anachita kufufutidwa, mosamala, ndi munthu amene anatenga nthawi kusakaniza penti kuti ifanane ndi mwala. Ndinajambula zithunzi.

Timalata tija anakhoma ndi achimwene, ndipo ndikufuna ndiwachitire chilungamo. Ndinawerenga mabuku angapo a kasamalidwe ka njira zoterezi, ndipo amene ndinawapezawo amanena kuti chizindikiro chikhale pamsinkhu wa maso a munthu wamkulu. Pokhoma timalata pamwamba sanalakwe. N'zoonanso kuti malata akakhala m'munsi ana amawapinda. Analakwa pofufuta madonthowo, chifukwa choti ankaoneka osakongola pafupi ndi timalata tawo. Analakwanso koposa pamene mwana anasochera, iwo n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna woti asenze mlandu, n'kusankha munthu yekhayo amene ankadziwa kuti sadzawatsutsa.

Achimwene ndinawapeza kushopu kwawo kolembera zikwangwani, akudula chilembo chachikulu papulasitiki. Sanakane. Anati ankafuna kuuza bambo koma anatanganidwa, ndipo Loweruka limene bambo akanazindikira okha linali lomwe anali kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Anati komiti inangowasankha kumene, ndipo mkulu wa nkhalango akadziwa zoona sadzawaonanso ngati munthu. Ndinawafunsa ngati bambo ndi munthu. Sanadzutse mutu.

"Iwe Loya, chilichonse umafuna chikhale khoti," anatero. "Mdala sakudandaula. Ukudandaula ndiwe."

Pamenepo ananena zoona, ndipo n'zimene zikundisowetsa mtendere. Bambo akudziwa zonse. Anapita okha kukaona tsiku lotsatira mwana atasochera, ndipo anaona penti yotuwayo ine ndisanaione. Ndinawapeza kukhitchini akutsuka kapu imene inali yoyera kale. Nditawaonetsa zithunzi anavala magalasi, n'kuziyang'ana chimodzichimodzi, kenako anayamikira kuti amene anasakaniza pentiyo ali ndi dzanja labwino. Tangoganizani. Munthu akuyamikira luso limene am'kwirira nalo.

Ndinawafunsa chifukwa chake anangokhala chete pamsonkhano. Anati mchimwene wako wayesa zinthu zambiri m'moyo zosatheka, ndipo aka n'koyamba kuti anthu aziimirira iye akamalowa m'chipinda.

"Ine ndatsala ndi chiyani choti nditaye, mwanawe? Loweruka basi."

Loweruka basi. Inu mukudziwa ngati ine kuti chimwalirireni amayi, Loweruka limenelo ndi limene limawadzutsa pabedi masiku ena onsewo. Adokotala ananena poyera kuti kuyenda m'phirimo n'kumene kwawasunga. Sabata yathayi akhala pampando wa pawindo, wailesi ikulankhula yokha, nsapato zawo zoyendera zili pansi pa tebulo. Ine sindine munthu wotengeka mtima, ndipo sindikufuna kukokomeza. Ndikungonena kuti lamba wawo amumangira pabowo lina.

Koma tiyeni tiike bambo pambali, popeza iwo eni ake akufuna kuikidwa pambali. Masukulu akutsekera Lachisanu. Kuyambira sabata yamawa njira ija idzadzaza ndi ana othamangira patsogolo. Komiti yagwirizana kuti yankho lake ndi kuwonjezera timalata, pamsinkhu womwewo, chifukwa ikukhulupirira kuti vuto linali maso a nkhalamba. Bodza likanangovulaza dzina la bambo, mwina ndikanameza mate n'kuwamvera. Koma bodzali lasiya mphambano ija mmene inalili tsiku limene mwana uja anapitirira molunjika. Ndinapempha achimwene kuti angopita mwakachetechete akabwezeretse madonthowo, nkhani ithere pomwepo. Anakana, ati akatero anthu adzafunsa chifukwa chake, ndipo adzakhala ngati avomera. Ndinaganiza zokapaka ndekha, koma m'nkhalango yotetezedwa munthu sapaka mwala popanda chilolezo, ndipo wopereka chilolezocho ndi iwo omwewo.

Loweruka likubwerali m'mawa kuli msonkhano wa komiti m'chipinda cha alendo pageti paja, ndipo aliyense amaloledwa kulankhula. Mkulu wa nkhalango adzakhalapo. Namwino uja wati adzabwera. Ine ndidzapita ndi zithunzi zanga. Nditawauza bambo, anandiyang'ana ngati ndine mwana wa m'kalasi mwawo amene wamenya mnzake, n'kunena kuti ndikadzaimirira iwonso adzaimirira, ndipo adzauza anthu onse kuti ndi iwo amene anapempha kuti madonthowo afufutidwe. Bambo amene anatikwapula tonse atatu chifukwa cha bodza la shuga akukonzeka kunama pagulu, monditsutsa ine, pofuna kuteteza bodza la mwana wawo wina.

Pempho langa ndi ili. Inu ndinu woyamba kubadwa, ndipo achimwene amakuopani kuposa mmene amaopera komiti. Aimbireni Loweruka lisanafike. Auzeni kuti akaimirira okha n'kunena kuti analakwitsa, anthu adzang'ung'udza tsiku limodzi n'kuiwala, ndipo ine sindidzatsegula pakamwa. Zithunzizo ndidzazifufuta iwo akuona. Mukatero muimbirenso bambo, koma chonde mawu oti kupuma asatuluke pakamwa panu. Afunseni za mathithi, za mbalame zimene amazitchula maina, za benchi lachitatu lija limene amati mwendo wake ukugwedera. Mudzamva nokha ngati amenewo ndi mawu a munthu wotopa.

Mundiperekere moni kwa alamu. Ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa, ndipo akadzabwera ndidzapita nawo kumathithi, akadzakhala kuti atalika mokwanira kuona timalata. Bambo akudziwa kuti ndikukulemberani. Ati ndikupatseni moni wambiri, ndikuuzeni kuti ali bwino ndipo akusangalala ndi kupuma. Ndapereka uthengawo mmene anandipatsira. Ndiwonjezere zimene sananditume: kiyi anabweza, koma kaburashi kaja sanabweze. Ndakapeza m'mawa uno pansi pa sinki, katatsukidwa bwino, katakulungidwa m'kansalu ka amayi.

Msonkhano udzayamba m'mawa ndithu, anthu asanayambe kukwera phiri. Ndidzakhala pampando wakumbuyo n'kudikira kuti achimwene alankhule. Akafika pamutu womaliza wa zina ndi zina asananene kanthu, ndidzaimirira, ndipo bambo nawonso adzaimirira.

Ndine mng'ono wanu,
amene nonse mumamuti Loya