Masamba a Pamsewu wa ku Chidzolomondo

Ntengo-Wambalame, Tsangano
Mwezi wa Setembro

Okondedwa achimwene a Jacinto,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu anga a Olívia ndi wa ana kumeneko ku Beira. Kodi mwendo uja unaleka kutupa? Kuno tili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chakana kutsanzika, ndipo mlongo wathu Bertina akutsokomolabe m'mawa. Mbatatesi takumba. Za mtengo wake musafunse.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati mafoni anatha. Chifukwa chake mukuchidziwa. Pafoni inu mumalankhula, ine ndimavomera, kenako mumadula. Pepala ndiye simungalidule mawu.

Zanga ndinene ndekha musanazimve kwa ena. N'zoona kuti apongozi anga anandiona nditavala kabudula wa anthu opalasa njinga, uja wothina ngati chikopa cha ng'oma. Ndinkatuluka kuseri kwa nyumba, kumutu ndili ndi chipewa chonga chipanda chosweka pakati, iwo akubwera ndi nkhuni. Anatula nkhunizo, n'kutembenukira kunkhokwe, n'kuifunsa nkhokweyo kuti yadzuka bwanji. Ine ndinayankha ndili kuseri kwa nthochi. Mpaka lero moni wawo umadzera kwa mkazi wanga.

Koma nkhani si yanga. Ndi ya Ivone, mwana wa Bertina, amene mwalamula kuti asiye ntchito yake abwere ku Beira kudzagulitsa m'sitolo mwanu mwezi uno usanathe. Inu ndinu mwini mbumba, ndipo mawu anu sitiwalumpha. Ndikungopempha kuti mumve kwa munthu amene analipo, chifukwa zimene zinakupezani kumeneko zinafika zitatupa.

Ntchitoyo ili motere. Ku Portugal kuli bungwe losonkhanitsa anthu amene amalonjeza anzawo kuti adzapalasa njinga kuchokera ku Tsangano mpaka ku Furancungo, ndipo anzawowo amasonkha thandizo lomangira nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala. Ine ndinaphunzira Geografia mpaka kuvala mkanjo, koma sindinamvetsebe munthu wolipira ndege kuti adzatope ndi zitunda zomwe bambo athu ankatukwana popita kukagulitsa nyemba. Komabe nyumbayo ikumangidwa, makoma ndawaona ndi maso anga.

Alendowo akafika, zonse zimakhala m'manja mwa Ivone. Njira amayamba waiyendera yekha. Amadziwa pogona, mjigo wa madzi abwino, mlatho wothyoka, ndi yemwe watsegula m'mimba koma akuchita manyazi kunena. Tayala likaphulika amamata. Munthu akalira pachitunda amamuleka alire kaye, kenako n'kumupatsa nthochi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mtsogoleri wa ntchito imeneyi sakhala patsogolo. Amapalasa kumbuyo kwenikweni, pambali pa wofooka kuposa onse.

Chaka chino sukulu yomwe ndimaphunzitsa inali itatseka, ndiye anandipempha kuti ndipite nawo ndizikawafotokozera mapiri. Mapiriwo ndinkawafotokoza bwino kwambiri ndili m'galimoto yonyamula katundu ndi madzi.

Tikuyandikira ku Chidzolomondo, patsogolo panali bambo wina wa ku Porto, dzina lake Alberto, wamiyendo ngati mitanda ya chigafa, wosafuna kuti wina amupitirire. Anafika pamudzi pomwe panali pataikidwa masamba pamsewu. Inu ndi ine tikaona masamba otero timadziwa kuti pagwa maliro, timatsika panjinga, timavula chipewa, n'kudutsa mwakachetechete. Iye anaganiza kuti agwa m'ngolo ndipo anzake aterereka. Anatsika, n'kuwakankhira kumbali ndi phazi, onse, mosamala ngati akusesa m'tchalitchi. Atatero anaimba belu, n'kukweza mkono kwa anthu okhala pabwalo, n'kuwafunira tsiku labwino mokweza mawu.

Pamene galimoto yathu inkafika, anyamata okumba manda anali atamulanda kale njinga, makasu ali m'manja. Alendo enawo anaunjikana pamsewu ndi akabudula awo aja, wina atakweza foni. Ndinatsika ngati professor, n'kufotokoza kuti ameneyu ndi mlendo, sakudziwa. Mnyamata wina anandifunsa ngati kwawoko anthu samwalira.

Ivone anafika pomalizira monga mwa nthawi zonse, ali ndi mmodzi wa alendowo, Dona Serafina, mayi wachikulire amene kwawo anali mzamba. Sanathamange. Anagoneka njinga pansi, anavula chipewa ndi nsapato, anatulutsa chitenje m'thumba n'kumanga m'chiuno. Kenako anayenda mpaka pamene panakhala anamfedwa, bambo Baptista, mlimi wa fodya amene mkazi wake ndiye anali atatisiya, ndipo anagwada chapatali.

Mawu ake ndikuwakumbukira bwino. Anati, "Wolakwa ndine. Ndinawauza za madzi, za dzuwa ndi za agalu, koma za masamba sindinawauze. Njingayo igwireni, koma mlandu mukambe ndi ine."

Bambo Baptista sanamuyang'ane n'komwe. Patapita nthawi anangonena kuti masamba abwerere pomwe anali.

Apa ndiye panali ntchito. Alberto anafiira mpaka m'makutu. Ankati iye amateteza anzake, sanabwere kudzachititsidwa manyazi, ndipo alembera akuluakulu a bungwe. Ivone anamuyankha m'Chipwitikizi chofatsa kuti kulemba alembe ndithu, cholembera amubwereka iye, koma ayambe watola masambawo. Anaimirira pomwepo maso ali pa iye, kamtsikana kolekeza pachifuwa pa chimunthucho. Woyamba kuwerama anali Dona Serafina. Alberto ataona mayi wa imvi akutola, anawerama nayenso, ndipo anayala masambawo molunjika kuposa mmene analili. Atamaliza anyamata aja anamubwezera njinga.

Kenako Ivone anatsegula thumba lina m'galimoto, momwe munali zitenje zokhazokha. Anaveka onse, akazi ndi amuna omwe, chifukwa ndi akabudula aja sakanakhala pamaliro. Inenso ndinalandira changa, cha maluwa achikasu, ndipo sindinakane. Chithunzi chimene chinakufikani pafoni ndi chimenecho. Amene anakuuzani kuti azungu anavina pamaliro ananama. Ankayenda mopepesuka chifukwa amuna a ku Porto sadziwa kuponya mwendo m'chitenje.

Titakhala pansi tinamva kuti thupi linali likadali kuchipatala ku Furancungo. Abale anali atasowa galimoto, ndipo ankakonza zotumiza ngolo, ulendo woti ng'ombe zikanabwera nalo mawa lake. Ivone anapita pachulu kukaimbira akuluakulu ake, koma foni sinagwire. Ndinamuona ataima pamenepo kanthawi, akuyang'ana galimoto, akuyang'ana alendo ake. Atatsika anauza woyendetsa kuti atsitse katundu yense ndi madzi omwe, atenge mwana wa anamfedwa, apite.

Mudziwe kuti lamulo la ntchito yawo limati popanda galimoto pambuyo, palibe wopalasa. Ndiye anawasonkhanitsa pansi pa mtengo n'kuwauza mosabisa kuti ulendo wa tsikulo wathera pomwepo, mtunda wotsalawo uwonjezeredwa pa wa mawa, ndipo wolephera adzakwera galimoto popanda womuseka. Ena anadandaula kuti analonjeza anthu kwawo. Mmodzi anati sanalipire kuti adzakhale pamaliro a munthu wosamudziwa. Ivone anawamvera onse mmodzimmodzi, osadula mawu a wina aliyense. Atatha anawauza kuti nayenso mayiyo sankamudziwa, koma msewu umene akupalasawo ndi wa anthu amenewa, ndipo walero watsekedwa.

Thupi linafika dzuwa litapendeka. Dona Serafina anali atalowa kale m'siwa n'kutambalala ndi amayi, chilankhulo osamvana, koma anatuluka maso atatupa. Popita kumanda alendo onse anayenda kumbuyo, mitu ili pansi. Alberto anapempha khasu, anyamata anamukaniza, kenako anamupatsa ndowa ya madzi osamba m'manja. Anainyamula ngati wapatsidwa mendulo.

Mawa lake anapalasa mtunda wa masiku awiri. Palibe anakwera galimoto kupatula ine, amene ndinali ndi udindo wa mapiri. Pachitunda chomaliza ndinaona Ivone akupalasa ndi dzanja limodzi, linalo lili pamsana pa Dona Serafina, akumukankha n'kumamuuza nkhani ya mbuzi ya Bertina kuti aiwale miyendo. Anafika omaliza, fumbi mpaka m'nsidze.

Sindikubisirani, Alberto analembadi. Akuluakuluwo anamudzudzula Ivone chifukwa chotumiza galimoto popanda chilolezo. M'uthenga womwewo anamufunsa ngati angatsogolerenso chaka chamawa, kuwonjezapo ulendo wina wapansi wokwera phiri la Domwe. Sanawayankhe. Tsiku lomwe munaimbira Bertina, Ivone anapukuta njinga yake, anaidzoza mafuta, n'kuipachika kudenga. Nditamufunsa anangoti malume ndi malume. Sakulira, sakudandaula, akungosankha mbatatesi ndi amayi ake, ndipo ine zimenezo ndi zomwe zikundisowetsa mtendere.

Nkhawa yanu ndikuimva. Mwana wamkazi, wosakwatiwa, kugona m'misewu ndi anthu achilendo, anthu n'kumalankhula. Koma kumbukirani pamene tinkabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Bambo anali patsogolo ndi mtolo, mayi pakati, ndipo inu munali kumbuyo kwa tonse. Ine ndikakhala pansi n'kumati sindiyendanso, simunkandimenya, munkakhala nane mpaka nditadzuka. Bertina atalasidwa ndi chitsa munamubereka mpaka kumtsinje. Ine nditamuona Ivone pachitunda chija ndinadziwa kumene anatengera. Si kwa ine ayi.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandigwiritsa cholembera, poti ulesi wanga mumaudziwa. Sabata yatha kunafika mlendo wapansi, tambala ali kukhwapa. Anali bambo Baptista. Bertina atawaona anati mlandu uja watitsata, mpaka anakabisa mbuzi kwa anansi. Tinawapatsa mpando, tinawapatsa bedi langa, ine n'kutsikira pamphasa. Tsiku loyamba anakamba za feteleza. Lachiwiri anayendera munda wanga n'kunena kuti mizere yanga ikuonetsa kuti ndinapita kusukulu. Tambala wawo tinadya, nkhuku zanga zinayamba kutsatira, chimene abwerera osanena.

Atakhuta kucheza m'pamene anaulula. Anamva kwa ogula nyemba kuti mtsikana uja akumuletsa ntchito chifukwa cha maliro a kwawo, ndiye anabwera kudzaonana ndi malume ake. Ndinawauza kuti ine ndi malume wamng'ono, wamkulu ali ku Beira. Anati ndiye lembani. Ndinati ndilemba mawa. Anati palibe vuto, iwo sakufulumira, kwawo m'nyumba mulibe wowadikira. Mawa linafika, ndinanenanso mawa, iwo anapempha sopo n'kuchapa malaya awo.

Ndiye lero ndakhala pansi. Iwo ali pakhondepa, ndodo pamiyendo, akuyang'ana dzanja langa ngati inspector wa mayeso. Ndawawerengera zonse mpaka pamenepa. Akuti ndachulutsa nthabwala, koma bodza mulibe. Apempha kuti ndiwonjezere mawu awo monga awanenera, ndipo ndi awa:

"Muwauze akuluwo kuti ine sindinabwere kudzathokoza galimoto. Mkazi wanga sanafikepo ngakhale ku Tete. Koma tsiku lake lomaliza anthu ochokera kutsidya la nyanja anayenda pambuyo pake ali chete, ndipo amene anawayendetsa ndi mwana wa m'mbumba yawo. Ngati akumulanga, chilangocho anditumizire ine."

Pempho langa ndi lomwelo, achimwene. Muimbireni Ivone mwini wake, osati Bertina, ndipo ulendo uno muyambe mwamvetsera. Mukamva n'kuonabe kuti abwere ku Beira, abwera, mukumudziwa. Koma m'sitolomo mudzakhala mwaikamo munthu womvera chabe, pamene kuno anthu a ku Chidzolomondo akufunsa kale kuti adutsa liti.

Mundiperekere moni kwa alamu a Olívia, kwa Moisés ndi Célia, ndipo muwauze kuti thumba la mbatatesi likubwera ndi chapa, minibasi yomwe yatenga kalatayi. Bertina akuti mwendowo muziuthowa ndi madzi ofunda. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu ndi mtima wofatsa powerenga.

Pamene ndikumaliza, bambo Baptista adzuka. Agwira envelopu kuti aone ngati ndi yeniyeni, afunsa dzina la woyendetsa chapa, atsanzika Bertina, ndipo kwa ine anena kuti bedi langa ndi lolimba. Ivone wawanyamulira kathumba kawo, akuwaperekeza mpaka kumlatho. Ndikuwaona akutsetsereka, mkuluyo akulankhula, mwanayo akumvetsera. Chikwama chake cha ku Beira chili pakhomo la chipinda, chomanga kale. Chikudikira mawu anu.

Ndine mng'ono wanu,
Arsénio