Woyamba Kuponda M'nyumba

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Kundende andibweza ndi chakudya changa. Akuti Khiêm akukanabe kuvomera mlandu, ndiye mwezi uno saona abale. Mlandu wake uti? Kulemba pa Fesibuku kuti anthu alandidwa minda? Ulendo wonse uja m'basi, poto wa nyama ya nkhumba ali pamiyendo. Ndatopa nawo, ndatopanso ndi liuma la mwamuna wangayo.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Tết, chaka chathu chatsopano, ndi mkucha. Apongozi tulo alibe. Woyamba kuponda m'nyumba m'mawa wa chaka chatsopano ndiye amabweretsa mwayi wa chaka chonse, ndiye iwo akufuna wamwayi weniweni, kuti mwana wawo adzatuluke wamoyo. Andituma kwa amalume, a Toản, amene amatilowera chaka chilichonse.

"Mwana wanga, bondo landivuta."

Bondo! Ndawapeza atanjuta, akutsuka njinga yamoto.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Apolisi ovala zawamba amene amatizonda akadali pageti, pa timipando tawo, kujambula aliyense wolowa. Ndazungulira nyumba zonse za mumzere wathu kufuna wotilowera. Uyu akuti akupita kumudzi, uyo sanatsegule n'komwe. Anthu omwewa ankadzaza khonde lathu: "Khiêm, tilembere, iwe suopa." Ndapsa mtima mpaka ndaswa mbale. Apongozi sindinawauze.

Loweruka, 10 Febuluwale

Apongozi anavala zatsopano, anafukiza lubani, n'kukhala moyang'ana chitseko. Dzuwa linakwera, pakhomo zii. Wapolisi wina n'kumakuwa akuseka: "Agogo, ndilowe ineyo?"

Kenako geti linalira. Mayi Nhàn. Munda wawo wa mpunga ndi umodzi mwa imene Khiêm analemba, ndipo amuna awo anamwalira mwezi wathawu. Namfedwa salowa m'nyumba ya eni tsiku ngati lero, amabweretsa tsoka, ngakhale mwana amadziwa. Anaima pakhomo, kansalu kakuda ka maliro pachifuwa, malalanje m'manja, wapolisi akuwajambula.

"Sindilowa, achemwali, ndikudziwa. Ndingosiya pompano."

Apongozi anawayang'ana. Ine mantha, ndimati awathamangitsa. Anadzuka pang'onopang'ono, anafika pakhomo, anawagwira dzanja.

"Vulani nsapato. Tiyi akuzizira."