Tsamba la m'chitini chofiira

Lolemba, 3 Malichi

Abweranso. Ulendo uno anali pakhonde, atavala malaya aja a mizeremizere, akutembenuza dothi ndi supuni yanga ya tiyi. Ndinafuna kuwakalipira za supuniyo, pakamwa osatseguka. Iwo osacheuka, koma ankadziwa kuti ndilipo. Kenako alamu.

Amuna anga anamwalira chaka chatha, ndipo ine ndikumawaona kutulo. Ndalemba dala kuti ndione mmene zikuonekera papepala. Zikuoneka ngati za munthu wofunika kumupempherera.

Ndi tsamba la m'chitini chofiira. Kutsina nsonga zanthete, kuponya m'madzi otentha, kumwa ndisanagone. Kuwawa ngati watafuna panado. Koma maloto ake! Owala, ndi fungo lomwe. Lero ndamva fungo la sopo wawo wometera.

Kuntchito makina a fotokope ayambanso kutulutsa mzere wakuda pakati pa pepala. Abwana kundiyang'ana ngati ndaulemba ndine.

Lachitatu, 5 Malichi

Kuthirira ndisanapite. Alovera ali bwino, uyo safuna munthu. Minti walowerera m'chitini cha mnzake. Udzu wa mandimu wauma nsonga.

Khonde lathu ndi laling'ono, la pamwamba, munthu mmodzi ndi beseni basi, koma iwo analidzaza. Zitini za penti, zigubu zodula pakati, poto wanga wobooka yemwe ndinamufunafuna mpaka kukayikira ana a eni. Ntchito yawo inali yokonza mafiriji, komabe nyumba yonse ino inkawatchula a Dokotala a Zitini. Sanachiritsepo munthu. Ankangokonda kudzala, kusinthana mbewu ndi anzawo a pafoni, ndi kudziwa dzina la chilichonse. Chitini chilichonse kachikwangwani kake, kodula ku chivindikiro cha majarini, dzina lachilatini ndi dzanja lawo lopendekeka.

Cha m'chitini chofiira chinabwera ngati kamtengo kokulunga m'tishu yonyowa. Akuti kumene chimachokera anthu amamwa kuti alote. Iwo sanamwepo. "Ine ndimangofuna ndichione chikukula, mayi. Maloto ndili nawo kale okwana, ena ndikubwerekeni?" Chinachita maluwa kamodzi, tating'ono tachikasu. Anajambula, n'kuonetsa aliyense, ngakhale wobwera kudzawerenga mita ya madzi.

Ali m'chipatala palibe anathirira. Maliro atatha ndinapeza theka la khonde litapsa. M'chitini chofiira munangotsala kamtengo kouma ndi kachikwangwani. Ndinkathirirabe, manja analibe china chochita. Ndiye tsiku lina, m'mbali mwa kamtengo kouma, timasamba tiwiri. Ndinagwada pasimenti pomwepo.

Loweruka, 8 Malichi

Kukalapa. Ndinazungulira kaye ndi timachimo ta masiku onse, miseche, kukwiyira abwana, kenako ndinanena. Ansembe anamvetsera mpaka kumapeto. Akuti: "Tsamba silingakhale tchimo, amayi, analilenga ndi Mulungu. Koma omwe anagona tiwalole apumule. Tasiyani kaye, muone ngati mtima ungaime pawokha." Ndinalonjeza.

Chomwe sindinawauze: dzulo ndinadula nthambi zingapo, ndaziika m'matambula a madzi pazenera la kukhitchini kuti zichite mizu. Ndalonjeza kusamwa, sindinalonjeze kusadzala. Kodi uku si kuchenjerera Mulungu? Ambuye, mukudziwa kuti chitini n'chimodzi chokha. Chikafa?

Lamulungu, 9 Malichi

A Telala a pansi anakwera kudzabwereka machesi. Maso awo aja saphonya kanthu. Kuona matambula pazenera: "Achemwali, chamba chija mwayamba kuchulukitsa? Apolisi akabwera ine sindikukudziwani, ndinena kuti timangopatsana moni pamasitepe."

Tinaseka. Ndiye pakamwa panga apa! Ndinawauza zonse, za tiyi, za malaya a mizeremizere, za supuni.

Sanasekenso. Anakhala pampando, machesi ali m'manja. Mwana wawo wamkazi anamwalira asanamalize sukulu, ndipo chichitikireni sanamulotepo. Akuti amalota makasitomala, amalota zipi. "Ngakhale kamodzi, achemwali. Ngati anandikwiyira." Anayang'ana matambula aja nthawi yaitali, osapempha. Bola akanapempha.

Lachinayi, 13 Malichi

Osamwa. Tulo ngati chipinda chotseka mazenera. Kugona, kudzuka, pakati palibe kanthu.

Masana ndimayenda ngati ndili m'madzi. Ndajambulira munthu satifiketi chadodolido, iye kundithokoza osaona.

Mizu yatuluka! Yoyera, yopyapyala ngati ulusi, tambula lililonse. Iwo ankati chomera ichi n'chovuta kugwira, anayesapo kangapo nthambi n'kungovunda. Ine zonse zagwira. Ndinaima pazenera kunyada ndekha. Mukanaona, bambo. Kunyadako nakonso ndikakunena Loweruka.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndapereka. Nthambi yamizu yambiri, m'chitini cha mkaka, dothi losakaniza ndi mchenga pang'ono monga ankachitira iwo. Ndalembanso kachikwangwani, kukopera chilembo ndi chilembo.

Ndawauza a Telala kuti n'chaching'ono, azithyola masamba a m'munsi okha, kumwamba akusiye kukule. Analandira ndi manja awiri. Anachiika pazenera pafupi ndi makina osokera, n'kusuntha wailesi.

Pokwera masitepe ndinayamba kudziimba mlandu. Ine andiletsa, ndiye ndikukapatsa wina. Koma nkhope ija, Ambuye, Inunso munaiona.

Lachiwiri, 25 Malichi

A Telala anandigwira pamasitepe ndikupita kuntchito, mapini ali pakamwa, tepi m'khosi. Analavulira mapini m'dzanja. "Wabwera. Ndimamuluka tsitsi, iye n'kumati amayi mukukoka. Achemwali, wanenepa!" Anandikumbatira mpaka pini inandibaya paphewa.

Madzulo makina awo akulira, iwo akuimba pamwamba pake. Sindinawamvepo akuimba.

Ndasangalala. Ndachitanso nsanje, ndisaname. Ndinatenthetsa madzi, ndinafika pakhonde, ndinagwira nsonga. Ndinabwerera. Ndamwa madzi otentha okha ngati wodwala chifuwa.

Popeza sindikutsinanso, chomera chatalika msangamsanga, chapitirira chitsulo cha khonde. Kunsonga kwatuluka timitu. Chichita maluwa. Mwina ndiyo mphoto ya kumvera: sindiwaona iwo, koma ndiona chikasu chawo chija.

Lachitatu, 2 Epulo

Si achikasu.

Atseguka m'mawa. Tabuluu totuwa, taubweya, ngati timaburashi. Ndinati mwina ndi kuwala. Ndinatembenuza chitini. Ndinayatsa foni ya amuna anga, yomwe ndimaitchajabe, kufuna chithunzi chija. Chikasu. Masambanso, ukayang'anitsitsa, awo ndi osongoka, anga ndi obulungira kumunsi. Miyezi yonseyi osayang'anitsitsa. Ndinkawerenga kachikwangwani.

Ndinakumba ndi chala. Kamtengo kouma kanazuka kopanda kanthu, mizu inavunda kalekale. Changachi chili ndi mizu yakeyake, sichinakhudzanepo ndi chawo. Mbewu yongobwera ndi mphepo, kapena inali m'dothi. Ndipo chifukwa ndinkatsina nsonga tsiku ndi tsiku, sichinapeze mpata wochita maluwa kuti chidziulule.

Iwo ankanena, ndikukumbuka tsopano, ankauza anzawo a pafoni aja: "Chomera musamachitchule dzina chisanachite maluwa."

Kuseri kwa shopu yathu, kumene timataya mapepala oonongeka, kuli ngalande. Ndapitako masana. Mzere wonse, buluu yekhayekha, mpaka kukhoma. Ndakhala ndikudutsapo zaka. Ndinaseka mpaka kugwira khoma, mnzanga wa pakauntala kutuluka kudzaona. Ndinamuuza kuti ndi fumbi la inki lalowa m'maso.

Udzu. Ndinagwadira udzu. Ndinakalapa udzu kwa ansembe.

Lachisanu, 4 Epulo

Ndaphwanya lonjezo. Dzulo ndinamwa. Ndinati ngati anali kubwera ndi udzu, abwerenso ndi udzu, vuto lili pati. Kuwawa komwe kuja, kapu yomwe ija.

Ndalota makina a fotokope. Mapepala akutuluka osaleka, oyera, ine ndikutola.

Ndiye n'chiyani chinkawabweretsa? Osati tsamba. Mwina kungokhulupirira kuti ndi chawo, kuti chinadzuka pomwe iwo sanadzuke. Tsopano ndadziwa, ndipo kudziwa sikubwezeka. Chitseko chatsekeka ndipo ndatseka ndine, ndi chala changa chokumba.

Tsiku lonse mutu uli kwa a Telala. Choonadi ndi choonadi, tinaphunzira choncho. Koma ndikawauza, mwana uja apitanso kachiwiri, ndipo womuchotsa ndikhala ine. Ndikapanda kuwauza, ndawapatsa bodza m'chitini, ndi dzina lachilatini pamwamba. Sichinandidwalitse ine miyezi yonseyi, icho chokha ndiye ndikutsamira. Pansi makina akulira. Akuimbanso.

Lamulungu, 6 Epulo

Pochokera ku misa, ndisanavule n'komwe nsapato, kugogoda. A Telala, chitini cha mkaka chili m'manja, nkhope yonse mano. Ndinawaimitsa kukhitchini, chitseko cha pakhonde ndinakankha ndi phazi.

"Taonani mwana wanu, achemwali, akufuna kutchena." Kunsonga timitu, tothinana, tobiriwira. Mawa kapena mkuja titseguka. Ndipo ngalande ija amadutsa pomwepo akamakagula ulusi.

Akuti usiku wathawu anali naye kumsika, akusankha nsapato, mwana akukana zonse. Akuti adzuka atatopa ngati ayendadi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Mulungu ndi mboni, mawu anali atafika pano. Zomwe zinatuluka n'zakuti chomera cha masamba sachilola kuchita maluwa, mphamvu yonse imathawira kumaluwa, masamba n'kusukuluka. Zimenezo n'zoona, wodzala aliyense angavomere. Ndinatsina timitu tonse ndi chikhadabo, iwo akuyang'ana. Ndinawaonetsa potsina, pamwamba pa masamba awiri. Ndinati akangoona kamutu, asachedwe.

"Ndiye sindidzawaona maluwa ake? Amakhala otani?"

Achikasu, ndinatero. Aang'onoang'ono. Osakongola kwenikweni.

Atsika akuseka, akuti ndine nkhanza ngati sisitala wa kusukulu. Timitu tili m'thumba la diresi yanga ya kutchalitchi. Ambuye, ichi ndikachitchula dzina lanji Loweruka? Bodza lenileni sindinanene, poti cha amuna anga chija chinalidi chachikasu, koma choonadi sindinanene. Ngati pali mlandu ulembedwe pa ine, iwo sakudziwa kanthu.

Ndangokumbuka. Lamulungu madzulo amayanika nsalu pabwalo, ndipo akakweza maso khonde langa limaoneka lonse. Changa chili pamenepo, chapitirira chitsulo, buluu poyera. Ndikumva akutsegula chitseko cha pansi. Sizasi ndinaika pati