Pepala la malo a agogo

Achimwene Yusufu,

Salaam aleikum. Kuno ku Nkopola tili bwino, chifuwa cha amayi chija chatha. Kaya inu ku Joniko?

Kalatayi ndikutumiza pa foni ya mnzanga kuti ifike msanga. Lolemba amalume anandiitanira kuseri kwa nyumba, atanyamula pepala lakale lachikasu. Anati, "Asiyatu, iwe umalemba bwino. Lemba m'Chingerezi kuti agogo ako asanamwalire anandipatsa ine malo a kunyanja aja. Deti uike yakale, chala ndidinda ndekha." Akuti pali bwana wina akufuna kumangapo loji.

Achimwene, mukudziwa kuti malo aja agogo anasiyira amayi. Sabata yatha kusukulu tinaphunzira mawu akuti forgery, kulemba chikalata chabodza m'dzina la munthu wina. Ndinawaloweza kuti ndikhoze mayeso basi. Sindinkadziwa kuti ndikumana nawo pakhomo pathu, m'manja mwa munthu amene anandigulira yunifolomu.

Kukana ndinalephera, manyazi anga mukuwadziwa. Ndinangoti cholembera chatha inki. Anaseka n'kunena, "Usadandaule, mwana wa mlongo wanga, Lachisanu pochokera ku mzikiti ndibwera nacho chatsopano."

Sindilemba, zimenezo ndatsimikiza. Koma kuwauza amayi ndili ndekha ndikuopa, poti ndi mlongo wawo. Chonde aimbireni lisanafike Lachisanu. Zonse ndinena ndine, inu mungokhala pa foniyo kuti mawu asandithere.

Allah akusungeni pantchitopo.

Mlongo wanu,
Asiyatu