Mkwatibwi Wanga Walemera Miyendo

Lolemba, 10 Junyu

Jogu yathu, masewera a pa foni, aisintha. Megasi onse a intaneti apita ndi atuwalizasau, kukonzanso kwa joguyo, ndiye taona zimene andichita. Mkwatibwi, mzukwa wovala velo amene ndimasewera naye m'jogumo, amudula liwiro. Kale osewera anayi othawa mzukwayo asanayatse nyali zotsegulira chitseko, ndinali nditawagwira onse. Pano akamenya mmodzi, amayamba waima kukonza velo masekondi atatu. Velo! Mnzanga Jorge wa ku Domwe wandithawa kanayi, mpaka kumavina pakhomo.

Lachiwiri, 11 Junyu

Kuntchito ku sekretariya ndadinda chikalata chimodzi kawiri. Maganizo onse pa velo.

Lachitatu, 12 Junyu

Ndaimbira Jorge ndili kuseri kwa nyumba. Ndamuuza kuti miyezi isanu ndi itatu ndili ndi Mkwatibwi wangayu, pano miyendo yamulemera, akuyenda ngati wasenza thumba la kachewere, koma kumusiya sindingathe. Jorge kuseka. Potembenuka, Augusta mkazi wanga ali poteropo ndi beseni la zovala. Wayanika malaya anga opanda zopanira, mphepo yawagwetsera m'khola la nkhumba.

Lachinayi, 13 Junyu

Ndabwera kuntchito, nyumba zii. Augusta wakwera shapa, minibasi ya ku Lifidzi kwawo, mwana wathu Elisa kumsana. Kapepala patebulo: "Miyezi isanu ndi itatu, bambo a Elisa? Akachira mudzandiuze, ndidzabweretse sopo."

Ndawerenga katatu ndisanamve. Mayo ine. Akuti ndapereka mimba.

Foni sakuyankha. Ndasewera kamodzi kuti mtima ukhale pansi, andithawanso onse anayi.

Lachisanu, 14 Junyu

Sindinasewere. Kansapato ka Elisa kali pakhomo, ndakalambalala tsiku lonse.

Loweruka, 15 Junyu

Augusta wabwera ndi a Ezequiel, amalume ake, ankhoswe athu, akatekisita a zaka makumi asanu ndi limodzi. Mpando akana. Akuti, "Feliciano, tionetseni mkaziyo." Ndati ali m'thumba. Akuti ndisachite chipongwe.

Ndatsegula jogu, ndawapatsa foni. Mkwatibwi watulukira kuseri kwa kabati ndi mfuu wake uja. Akulu aja foni uko, chipewa uko, chizindikiro cha mtanda kawiri. Atapuma ndawafotokozera zonse, za liwiro, za velo. Iwo akuti: "Ndiye anthu anayi alimbane ndi mayi mmodzi, ena n'kumumanganso miyendo? Ameneyo walakwiridwa." Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira.

Augusta sanaseke. Wati, "Amalume, kuti ndi katuni ndaona. Koma miyezi isanu ndi itatu imeneyo ndi yoona. Elisa anayamba kuyenda, bambo ake maso ali pa mzukwa."

Tsiku limene Elisa anayamba kuyenda sindilikumbukadi.

Chigamulo cha a Ezequiel: jogu Lamulungu lokha, tikachoka ku Misa. Augusta wawonjezapo chake: nayenso azisewera, aone chimene chimandikuwitsa.

Lamulungu, 16 Junyu

Tamuikira pa foni yake. Iye, Jorge ndi ena awiri othawa, ine Mkwatibwi, Elisa pamiyendo panga kumakoka chingwe cha karegadori yotchajira foni. Ndamuuza Augusta kuti ndimuchitira chifundo poti ndi woyamba. Wati ndisavutike.

Ndamenya Jorge, ndaima kukonza velo. M'masekondi atatu omwewo mayi a Elisa ayatsa nyali yomaliza, atuluka, chitseko n'kutsekera Jorge m'kati. Jorge pa foni: "Alamu, mwandisiya!" Iye: "Pepani alamu, ndili ndi mwana wamng'ono."

Waseka mpaka misozi, koyamba sabata ino. Kenaka wasendera pafupi, phewa lake pa langa, akuti tibwereze. Nyemba zayamba kununkha kupserera kukhitchini. Palibe wadzuka.