Sitima ya ku Limbe

Sizinda, Bulawayo
11 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Lemson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ndirandeko.

Mukudziwa kuti chiyambire chaka chino mayi satizindikiranso. Ine mwana wawo amandifunsa kuti ndine wa kwa yani. Chomwe sanaiwale ndi kanyimbo kaja malemu bambo ankaimba ndi likhweru poweruka ku njanji, kamene anakatcha "Sitima ya ku Limbe". Amakang'ung'udza tsiku lonse.

Tsono mwana wanga Thandeka, amene akuphunzira vayolini m'tauni, anakaimbira aphunzitsi ake, a Griffin. Iwo kudabwa! Akuti ndi nyimbo yotchuka yakalekale ya ku Ulaya, ndipo mwini wake sanaipatse dzina, koma nambala chabe. Maina a nyimbo zoterezi amapereka ndi omvera: ina anaitcha wotchi, ina mbalame, ina nsomba. "Ndiye agogo ako sanalakwe," anatero, n'kutiitana kuti tikamve gulu lawo likuiimba Lamulungu lapitali masana.

M'kombi, minibasi ya kuno, Thandeka anatichenjeza kuti kumeneko sawomba m'manja nyimbo isanathe, ngakhale kutsokomola ayi.

Achimwene, chibadwire sindinaonepo zotere! Oimba kudzaza nsanja, malipenga waliwali, mavayolini ena aakulu ngati munthu woimirira. Atayamba onse pamodzi, mawu anandilowa m'mafupa, thupi lonse tsemwe. Kodi bambo anaimva kuti nyimbo yotereyi, n'kuinyamula yonse pamilomo?

Itafika pa kanyimbo kathu kaja, mayi dzambatu, n'kuimba nthungululu ngati pa ukwati! Holo yonse kutembenuka. Thandeka akuti, "Hawu, Gogo, thulani!" kuwauza m'Chindebele kuti akhale chete. Ine manyazi, kufuna kulowa pansi. Koma oimba sanaleke, ndipo wowatsogolera anacheuka, naweramitsa mutu kwa mayi.

Pamenepo mayi anandigwira dzanja nati, "Christina, abambo ako aweruka. Kaitane Lemson awachingamire."

Anatchula dzina langa, achimwene. Ndi lanu lomwe. Ndinalira osasamala za anthu.

Lero andifunsanso kuti ndine wa kwa yani. Koma lanu akulitchulabe, maso ali kugeti. Gululo liimbanso mu Ogasiti. Chonde musadikire uthenga wa maliro, bwerani dzina lanu likadali pakamwa pawo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mpando wa pambali pa mayi ndasungira inu.

Ine mlongo wanu,
Christina