Bwezani Lamba wa Makina Anga

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Kuno tilipo, ngakhale inuyo mwayamba kale kundilira ndili moyo.

Mlongo wako anabwera Lolemba n'kuchotsa lamba pa makina anga osokera. Nditamufunsa, anayang'ana pansi, nati wamutuma ndiwe, ati kupalasa makina kundipha. Iwe, unayamba liti kulamulira nyumba yanga pa foni?

Kuchipatala ndinapita ndine, iwe unangoona chithunzi cha pepala la dokotala. Anandigoneka chammbali, kundipaka mafuta ozizira pachifuwa, ndipo mtima wanga ndinauona ndekha pa kanema, ukutseka ndi kutsekula ngati kukamwa kwa nsomba. Dokotala anauyeza uku ndi uku, n'kundiuza kuti ukupopa ndithu, koma wayamba kuuma, sukumasuka bwino kuti magazi alowemo. Anati okalamba ambiri a miyeso ngati yanga mtima umadzawafookera m'zaka zikubwerazi.

Ndinamufunsa ngati ambiriwo ndi onse. Anaseka, nati ayi. Anandiletsa mchere, osati ntchito, ndipo anatinso kungokhala ndiye koipa.

Sindikubisa, mantha ndili nawo. Ndikamakwera masitepe ndimaima pakati kuti ndipume, ndipo madzulo ena nsapato zimandithina. Mankhwala ndikumwa, chakudya ndikudya chozizira mchere, ndipo akandiitana kukayezetsanso ndipita. Koma zoti ndikhale pampando manja lende, kudikira tsiku limene ngakhale dokotalayo sakulidziwa, zimenezo ayi.

Mukuyesa ndasiya kusoka? Madiresi a kwaya ndikumaliza chopukusa gudumu ndi dzanja limodzi, linalo litagwira nsalu. Phewa likuwawa, msoko ukukhota, ndipo ndikupuma mwawefuwefu kuposa kale. Chifundo chanucho ndicho chikunditopetsa.

Muimbire mlongo wako lero lomwe, chonde mwana wanga. Akapanda kubweza lamba wa makinayo, nditsegula sutikesi. Muli lamba wachikopa wa malemu bambo ako, amene sindinalole munthu kumukhudza chimwalirire iwo. Ndimudula ndi lumo, ndimuike pa gudumu. Ndidzalira pomudula, koma ndimudula ndithu.

Ambuye akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa apongozi anga, ndipo ana uwauze kuti agogo awo akusoka.

Ndine mayi ako,
amene ndikadali pano